Tcheni chomangira njinga makumi anayi

Pa 3 Malichi

Amayi a ana anga,

Ndine mwamuna wanu, nkhalamba yanu ija ya zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri, ngati amene anandiwerengera zaka sananame. Ndikulemba ndekha ndi pensulo, pang'onopang'ono monga mudziwa, poti zilembo ndinaziphunzira imvi zitamera kale. Mpongozi wathu akamakuwerengerani asaseke pamene papotoka.

Muli bwanji kumeneko, inu ndi adzukulu? Bondo lija likuti chiyani? Ine kuno ndili bwino, kungoti phewa lamanja limadandaula m'mawa, koma dzuwa likakwera limaiwala.

Munafunsa kuti ntchito yanga kwenikweni ndi yotani, poti achimwene anu akuuza anthu kuti ndimangokhala pampando. Muwauze chonchi. Kuseri kwa fakitale yochapa nsalu za m'mahotela kuli bwalo la simenti. Antchito amabwera panjinga, makumi anayi tsiku lililonse. Tsono mumzinda muno njinga ukaisiya pakhomo pa sitolo kuti ugule machesi, potuluka umapeza pomwe inaima pokha. Njinga zonsezo ndimazimanga ine, ndi tcheni chimodzi. Sindikunena katcheni kopalasira kaja ayi. Ichi ndi chitcheni chokokera malole, mphete iliyonse kunenepa kwake ngati chala changa chachikulu. Kuchinyamula amachita amuna awiri, ine ndimangochikoka. Ndinachiveka paipi yansalu yakale ya ozimitsa moto kuti chisamakande penti. Mbali imodzi anachiwotcherera kumzati wachitsulo, mbali inayo ndimatseka ndi loko wolemera ngati njerwa.

Nzeru yake ili pa kandandalikidwe. Oweruka madzulo ndimawalowetsa koyamba, cha kumzati. Oweruka masana amakhala kumapeto, pafupi ndi loko. Tcheni chimadutsa mufelemu, osati mutayala, chifukwa tayala wakuba amangomasula n'kukusiyira. Chisagundenso pansi, angachiphwanyire pasimenti ndi hamala. Njinga ikalowa ndimaponya chitsekerero cha botolo m'chitini, ikatuluka ndimachichotsa. Zaka zisanu ndi zinayi tsopano chitini chimagona chopanda kanthu, ndipo palibe amene anabwera panjinga n'kubwerera wapansi.

Ndatumiza kangachepe kudzera kwa dalaivala wa katundu uja. Muyambe ndi lata lodontha la pamwamba pa bedi. Mbuzi yabere ija musagulitse, ngakhale akunyengerereni bwanji.

Kwabwera kapitawo watsopano. Amakonda kuima n'kumayang'anitsitsa tcheni changa. Zimenezo tidzakamba.

Ndine bambo wa ana anu.

Pa 21 Epulo

Amayi a ana anga,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti bondo lapepuka komanso mvula yasiya kukupezani pabedi. Ine ndili bwino.

Mwati ndimachiyamikira tchenicho ngati mkazi wachiwiri. Musade nkhawa, kuno nakonso amanena zomwezo. Koma mkazi ameneyu sapempha chitenje, amangofuna timafuta pang'ono Loweruka.

Tamverani zimene anachita sabata yatha. Ndinapita kuchimbudzi masana, osachedwa n'komwe. Pobwera ndinaona munthu akutuluka pageti mofulumira, atakolekera thumba paphewa. Ndinayenda ndi tcheni chonse m'manja, mphete ndi mphete. Pamalo ena paipi inali yong'ambidwa, mphete ili ndi timabala tiwiri ngati pomwe paluma mwana wongomera mano. Pansi panali dzino la chilumo chachikulu chodulira zitsulo, litathyoka. Ndinakamuonetsa wowotcherera wa pafakitale pano, amene timamutcha Magalasi chifukwa cha zakuda zimene amavala kumaso. Anaseka mpaka kukhala pansi. Anati, "Mdala wanga, wakuba uja lero akalira maliro a chilumo chake."

Kapitawo yekha ndiye sanaseke. Ndi mwamuna wazaka ngati za mwana wathu woyamba, waulemu ndithu, koma wa mafunso. Anabwera ine ndikupukuta loko.

"Madala, njinga ya pakati itafuna kutuluka nthawi isanakwane, mungatani?"

Ndinati, "Bwana, pano palibe amatuluka nthawi isanakwane. Kapena inu mumawalola?"

Anamwetulira pang'ono. Kenaka anatulutsa m'thumba kachingwe ka waya kokutidwa ndi pulasitiki, kowonda ngati mchira wa khoswe, kokhala ndi kaloko kake. Anati masiku ano aliyense amagula kake n'kumanga yekha, ndipo eni fakitale akufunsa ngati pabwalo pano pakufunikabe munthu.

Ndakuuzani kuti mudziwe, osati kuti musagone. Munthu wa zaka zisanu ndi zinayi zopanda banga samuchotsa chifukwa cha mchira wa khoswe.

Chimanga musathamangire kukolola chisanaume. Mdzukulu wamkulu uja mumugulire nsapato zokulirapo, mapazi a kwathu sachedwa.

Ndine wanu.

Pa 12 Meyi

Amayi a ana anga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine moyo ulipo.

Kalata ino ndi yaifupi. Kwachitika kanthu kuntchito, koma sindinakapezere mawu ake. Palibe wavulala, ndipo ntchito ndikugwirabe.

Masiku ano ndikumapita wapansi. Ndimadzuka m'mawa kuposa kale, ndipo miyendo ikuzolowera. Amati kuyenda n'kwabwino kwa okalamba.

Za khola mwachita bwino. Zina ndidzalemba mtima ukakhala pansi.

Ndine wanu.

Pa 2 Juni

Amayi a ana anga,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ndili bwino, chifuwa chokha cha nyengo yozizira ino.

Ndamva kuti dalaivala anakuuzani kuti anandiona m'mbali mwa msewu ndikuyenda ngati wosowa kwawo, ndipo mukufunsa kuti njinga yanga ili kuti. Pakamwa pa dalaivala palibe buleki. Basi ndinene zonse, mpongozi awerenge mosathamanga.

Linali Lachitatu, dzuwa litakwera. Njinga zonse makumi anayi zili patcheni. Lole yobweretsa nsalu zakuda inali itaima pageti la kuseri, geti lili pululu. Lamulo langa, limene ndinadziikira ndekha, ndi lakuti geti likatseguka loko satseguka.

Ndinangoona mayi wina wopinda nsalu akuthamanga, epuloni ili m'chiuno. Ndi mayi wa ana awiri, wosayankhulayankhula. Anati kusukulu amuimbira foni, mwana wake wagwa mumtengo. Iyeyo ndi woweruka madzulo, ndiye njinga yake inali mkatikati, patsogolo pake pali njinga makumi awiri ndi imodzi.

"Agogo, nditsegulireni."

"Mwana wanga, dikira lole ituluke. Sichedwa."

"Agogo, akuti sakuyankhula."

Amayi, mukanakhala inu mukanatani? Ndinatsegula. Ndinayamba kusolola njinga imodziimodzi n'kumaziyedzamiritsa kukhoma. Posolola, maso amakhala kutcheni, msana kukhoma. Mlonda wa pageti anali ataweramira mapepala a dalaivala wa lole. Mayi uja anakwera yake n'kupita. Ine ndinabwezera zonse, thukuta lili kamukamu, n'kutseka. Ndinachotsa chitsekerero chimodzi m'chitini, n'kuwerenga. Zitsekerero makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Njinga makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Ndinawerenga kanayi, ngati kuti kuwerenga kumabereka.

Yosowayo inali ya mkulu wina wosita nsalu, bambo wa ana asanu, amene amakhala kutali kuseri kwa njanji ndipo m'mawa amayamba watula ana awiri kusukulu pakaliyala. Ataweruka ndinamuuza ndekha, chipewa chili m'manja. Ndinkayembekeza kuti anditukwana. Anayang'ana pamene imaima njinga yake, kenaka anati, "Nanga mwana uja ali bwanji, bambo?" Akanandimenya mbama zikanandipepukira.

Mwanayo anatsitsimuka kuchipatala, anangothyoka mkono.

M'mawa mwake ndinamupatsa wosita uja njinga yanga. Anakana katatu. Ndinati, "Ukakananso ndikaisiya kumsewu yosamanga, tione ngati akuba angakane." Anaitenga. Ndikudziwa kuti njinga imeneyo munkaiwerengera kuti idzakuthandizani kuchigayo ndikadzabwerera. Sindinakufunseni. Ndinalakwa posafunsa, koma pomupatsa sindikuona kulakwa.

Kapitawo anandiitanira muofesi. Sanakweze mawu.

"Ndinakufunsani, madala."

"Munandifunsa, bwana."

Anati eni fakitale agamula kuti ndigwire mpaka kutha kwa Julayi, kenaka aliyense azidzimangira yekha. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine tsiku lija ndinamuyankha mwachipongwe, kumuyesa mdani.

Musauze anthu ambiri.

Ndine wanu.

Pa 30 Juni

Amayi a ana anga,

Muli bwanji? Chifuwa chija chatha, ndili bwino.

Kalata yanu inali ya mizere itatu. Mwati ndingolongedza ndibwere, ndakalamba. Za njinga simunatchule n'komwe, ndipo ndamva kusatchulako. Kubwera ndidzabwera, koma osati ndi dzina lakuti mdala uja anamuchotsa atasowetsa njinga. Dzina limenelo ndi lolemera kuposa tcheni, sindingalikwanitse kulikoka mpaka kumudzi.

Kuyenda wapansi kuli ndi ubwino umodzi, mutu umapeza nthawi. Masabata onsewa ndakhala ndikulitembenuza funso la kapitawo lija. Poyamba ndinkanena kuti wolakwa ndi mlonda wa pageti. Kenaka ndinkati ndi ine, potsegula geti lili pululu. Koma mayi uja atabweranso mawa ndi mawu omwe aja, ndingatsegulenso. Ndiye vuto silili pamtima wanga. Lili pa tcheni. Kuti utulutse mmodzi uyenera kumasula makumi awiri, ndipo manja ndili nawo awiri okha.

Amene anandipatsa yankho ndinu, ngakhale simukudziwa. Ndinakumbukira mmene mumamangira mbuzi kudambo nthawi ya dzinja, iliyonse pachikhomo chake. Yofuna kuyamwitsa mumaimasula yokha, zinazo zili phee. Ine zaka zonsezi ndinamanga khola lonse chingwe chimodzi, n'kumadzitama.

Ndinapita kwa Magalasi. Ndinati achidule tchenicho zidutswa zisanu ndi zitatu, chidutswa chilichonse cha njinga zisanu, chilichonse ndi loko wake, ndipo awotcherere ngowe pachitsulo chimene chinayenda m'mbali mwa khoma. Anakweza magalasi ake pamphumi n'kundiyang'ana.

"Mdala, mukuti ndikuphereni mkazi wamng'ono?"

"Sindinati umuphe. Ndati umugawe."

"Si chimodzimodzi?"

"Iwe dula, za maliro ndisiyire ine."

Ndinakapemphanso kwa kapitawo. Anati chigamulo cha eni fakitale sichinasinthe, koma ngati ndikufuna kudzivutitsa ndichite Loweruka masana, anthu ataweruka. Za maloko asanu ndi awiri owonjezera ndinalibe nazo mutu, poti maloko enieni kuno mtengo wake ndi woopsa. Mayi wopinda nsalu uja atamva anazungulira fakitale yonse, gulu ndi gulu. Anthu asanu asanu agwirizana kugula loko wawo. Akuti sakufuna mchira wa khoswe. Ine sindinamutume.

Usiku wa dzulo ndinalota ndikuchikoka chonse chathunthu. Zopusa za nkhalamba.

Udzu wofolera khitchini mumwete tsopano, moto usanayambe kutchire.

Ndine wanu.

Pa 14 Julayi

Amayi a ana anga,

Ndikupereka moni. Ine ndili bwino, makutu okha akulirabe ndi phokoso la Loweruka. Kalata yanu sindinaione, mwina ili m'njira.

Tachidula.

Magalasi anabwera ndi makina ake odulira zitsulo ndi timbale tiwiri todulira. Anandiuza kuti nditereke tiyi, amaliza asanazizire. Tinachivula paipi ija, n'kuchiyala pabenchi. Ndinayeza ndi chingwe, n'kulemba ndi choko mphete zisanu ndi ziwiri zoti zife. Iye anamanga yoyamba pachopanira, ine ndinagwira mbali inayo ndi chiguduli.

Makina analira, mbaliwali za moto zili waliwali mpaka kukhoma. Patapita nthawi anazimitsa kuti aone. Mphete inali itangodyeka theka, kambale katachepa ngati chivindikiro cha kapu. Ndiye mudziwe kuti mphete ya mtundu umenewu siitseguka ukadula mbali imodzi, uyenera kudula mbali zonse ziwiri. Pofika pamphete yachitatu timbale tonse tiwiri tinali titatha.

"Tiyi wazizira, mwana wanga," ndinatero.

"Mdala, chitsulo chimenechi munachitemera mankhwala."

"Mafuta okha, Loweruka lililonse."

Anakwera njinga kukagula timbale tina. Anabwera nato titatu, tinathanso, anapitanso.

Mphete yoyamba itaduka n'kugwa pasimenti, ndinayang'ana kumbali. Ndisaname, m'maso munali madzi. Ndinati ndi utsi. Koma pofika yachinayi mtima unali utasintha. Kambale kalikonse kakatha ndinkamva ngati mwana wanga wagwetsa mnzake pamasewera olimbana. Tangoganizani, munthu wodziwa ntchito, masana dzuwa likuswa mtengo, magetsi alipo, chopanira chilipo, wopanda womuthamangitsa, tchenicho chinamudyera nthawi mpaka mdima. Nanga wakuba wa thumba paphewa?

Kapitawo anabwera kudzakhoma ofesi. Anaima kuti aone pang'ono, makiyi ali m'manja. Anakhalitsa mpaka mphete ziwiri zinaduka. Anatola chidutswa cha mphete, chinamuotcha, anachiponya, n'kuchitolanso ndi mpango.

"Chitsulo chanji chimenechi, madala?"

"Chomwe chija, bwana, chakhala pano zaka zonsezi."

Kachingwe kake ka waya kaja ndinkakaona katatukumula thumba la jekete. Sanakatulutse, ndipo ine sindinakatchule. Anangoti tikamaliza tizimitse magetsi.

Lolemba ndinayamba kamangidwe katsopano. Paipi ndinaidula n'kusoka chidutswa chilichonse ndi singano ya matumba. Makiyi asanu ndi atatu ndawamanga pachingwe m'chiuno, aliyense ndi kansalu ka mtundu wake, kofanana ndi kamene ndamanga paloko wake, poti manambala amandichedwetsa. Ndikamayenda ndimalira ngati ng'ombe ya belu. Phewa nalo lapuma, chidutswa chimodzi ndimachinyamula ndi dzanja limodzi.

Kwatsala masabata awiri. Palibe chimene andiuza.

Ndine wanu.

Pa 4 Ogasiti

Amayi a ana anga,

Muli bwanji inu, mpongozi ndi adzukulu? Ine ndili bwino kwambiri.

Sabata yomaliza ya Julayi, Lachinayi, zija zinabweranso. Lole pageti, geti pululu. Wina wa kumakina ochapira anatuluka akuthamanga, akuti mkazi wake matenda a uchembere amuyamba. Njinga yake inali pa loko wa kansalu kofiira. Ndinatsegula, ndinasolola ziwiri, dzanja lamanzere lili pamahandulo awo, yachitatu n'kumupatsa. Ndinatseka iye asanamalize kundifotokozera. Zina zonse makumi atatu ndi zisanu sizinadziwe n'komwe kuti kwachitika kanthu. Nditatukula mutu ndinaona kapitawo ali pawindo la ofesi. Akuti kunabadwa mwana wamkazi.

Tsiku lomaliza la mwezi ndinavala malaya oyera aja, kuti ngati n'kuchoka ndichoke ngati munthu. Ndinapukuta maloko onse. Ndinadikira kuitanidwa mpaka njinga yomaliza inatuluka. Palibe anandiitana. Ndinaganiza kuti mwina aiwala, ndipo Lolemba ndikapeza mlonda atauzidwa kuti asandilowetse.

Lolemba ndinalawira. Mlonda ananditsegulira monga mwa masiku onse. Anthu anayamba kufika, mzere unakula. Ndinali wowerama pa loko wa kansalu kobiriwira. Nditadzuka ndinaona kapitawo, amene chibwerereni amakwera basi, akukankha njinga yatsopano, pulasitiki ikadali pachishalo. Anabwera nayo mpaka kutsogolo.

"Malo alipo, madala?"

"Alipo, bwana. Koma pali mzere. Patsogolo panu pali amayi osesa awa ndi anthu ena asanu ndi mmodzi."

Wina anatsokomola. Magalasi anatsitsira magalasi ake kumaso ngakhale panalibe chowotcherera. Kapitawo anandiyang'ana, anayang'ana mzere, kenaka anatembenuza njinga n'kukaima kumbuyo. Nthawi yake itakwana ndinadutsitsa tcheni mufelemu, ndinachikweza kuti chisagunde pansi, n'kutseka. Anagwedeza njinga kuti aone ngati yagwira.

"Mwezi wamawa tikulemba antchito ena khumi," anatero. "Mudzandiuze kuti pafunika matcheni angati. Mukasankhe nokha, ine sindizidziwa."

"Awiri, bwana. Koma osati ogula pamsewu."

"Ndamva, madala."

Basi, nkhani yake ndi imeneyo. Ntchito ilipo.

Ndikuyendabe wapansi. Wosita uja amafuna kumanditenga pakaliyala, koma ndimakana, pamenepo ndi pa ana ake. Nsapato ndakhomeretsa mphira ya tayala, zipirira.

Tsono amayi, chichokereni mizere itatu ija ya mu Juni simunandilembere. Dalaivala akuti muli bwino, akuti anakuonani mukuchokera kuchigayo thumba lili pamutu, ndipo simunamupatse mawu. Ndamva. Ngati mwakwiya chifukwa cha njinga, kwiyani papepala kuti ndiwerenge, ngakhale zinditengere masiku atatu. Mpongozi asachotse mawu ngakhale amodzi, alembe monga mwanenera. Dalaivala anyamuka kumeneko Lachisanu likubwerali. Mumupatsire kalata.

Ndine mwamuna wanu, womanga njinga za eni.